Wokankha Mapapo

Ntchito yanga ndi kuyenda kumbuyo.
Ndimakankha mapapo a munthu pangolo ya matayala anayi,
tayala limodzi likulira ngati mbewa.

Lero ndi a Froilán Huenchul,
bedi lachisanu, chipinda cha odwala mwakayakaya,
pachipatala choyang'ana doko la Valparaíso.
Zaka makumi atatu anasenza zigubu za gasi
kukwera nazo masitepe a m'mapiri a mzinda uno,
akumenya chigubu ndi kachitsulo, ngwe ngwe ngwe,
kuti eni nyumba za malata zopaka utoto atuluke.
Chibayo chinawagwetsa mu Julaye, chisanu chili pachimake.
Masabata atatu ali gone,
miyendo yosenza zitsulo ija n'kusanduka mapesi.

Magazi awo amatulukira pakhosi ali bii,
amalowa m'kabokosi kanga, amamwa mpweya,
amabwerera ali psuu.
Sunga khosi, amatero, mkanda udzavala.
Wawo mkanda ndi mapaipi awiri onenepa ngati chala chachikulu,
ndipo ndikangopunthwa ine
munthu yense atayikira pasimenti.

Poyamba Maite ankawapinda mawondo ali chigonere,
kupinda, kuwongola, kupinda,
eni ake osadziwa n'komwe.
Atatsitsimuka anawapatsa kampira kofinya.
Sabata yatha anakhala tsonga m'mphepete mwa bedi,
mphindi zinayi, chizungulire, thukuta kamukamu.
Analira tsiku limenelo.
Si ululu, anatero, ndi manyazi.

Tsopano tili asanu kuzinga munthu mmodzi.
Maite kutsogolo, akuyenda chafutambuyo,
Nolberto wakweza mapaipi m'mwamba
ngati wogwirira nsalu ya mkwatibwi,
wina akutsata ndi mpando kuseri kwa mawondo,
wina maso ali pa manambala,
ine ndi ngolo yanga, batire yodzaza.
Akufuna zenera la kumapeto kwa khonde.
Mapazi khumi ndi anayi, ndinawerenga dzulo.

Lamanzere, khwee.
Lamanja layamba lakana,
lakambirana ndi mwini wake, lavomera.
Masokosi achikasu akukwekwereza pansi.
Munthu amene ankadumpha masitepe awiriawiri
akupempha chilolezo kwa chidendene.

Pa phazi lachisanu ndi chiwiri alamu yalira,
paipi ikuvina m'manja mwa Nolberto.
Imani pomwepo.
Ndatsitsa liwiro la pampu, tadikira,
tonse asanu tikupuma mobisa
ngati mpweya wathu ungawabere wawo.
Ndani watopa, afunsa ndi mawu osasa,
ine kapena galimoto yako?
Galimoto, ndayankha. Ndi bodza laling'ono, lololeka.

Lachisanu ndi chitatu. Lachisanu ndi chinayi.
Miyendo njenjenje.
Lakhumi ndi chimodzi, mawondo apinda okha,
mpando wawawakha.
Zenera latsala mapazi atatu.
Kuchokera apa kukuoneka mtambo basi
ndi nsonga ya chingwe cha magetsi.

Madokotala sakudziwa ngati mapapo adzadzuka
kapena tidzadikira a munthu wina
amene lero akumwa tiyi kwinakwake, osadziwa kanthu.
Njira zonse ziwiri zimafuna miyendo.
N'chifukwa chake timawavutitsa.

Ndiye kunja, kumunsi kwa msewu,
ngwe, ngwe-ngwe.
Wagasi akudutsa.
A Froilán apendeketsa mutu pang'ono,
mpaka pomwe mapaipi awalola.
Amvetsera. Akwinya nkhope.
Mwana ameneyo sadziwa kumenya, atero,
akuthamangira chiyani?

Ndipo ndi chikhadabo chotuwa
ayamba kugogoda chitsulo cha mpando,
kawiri, kupuma, katatu,
kuti timve mmene zimayenera kumvekera.
Maite walemba khumi ndi chimodzi kuseri kwa dzanja lake.
Ine ndatembenuza ngolo,
tayala lija likulirabe,
magazi akupita akuda, akubwera ofiira,
ndipo ndadzipeza ndikukankha motsata kugogoda kwawo.